Chaka Chimene Amuna Anga Anakwera Kavalo

Ng'ombe zathu zinachokera kwa atsibweni anga, alongo awo a amayi. Pomwalira anasiya zitatu, zazikazi ziwiri ndi nkhunzi imodzi yothyoka nyanga, ndipo ananena kuti ndi za mbumba. Mbumbayo ndi ife, ine ndi ang'ono anga ndi ana athu, ndipo otiyang'anira ndi achimwene anga aakulu. Dambo limene ng'ombezo zimadyamo ndi lakuchikazinso, kuno kwa Kaomba, m'mbali mwa msewu wopita ku nkhalango ya nyama.

Amuna anga ndi a ku Santhe. Anabwera kuno chikamwini, kudzakhala kwathu monga mwa mwambo, atanyamula khasu ndi njinga yopanda mabuleki. Koma dzanja la ng'ombe anali nalo. Zitatu zija anaziweta mpaka khola tinalikuza kawiri. Ankadziwa imene yatsala pang'ono kudwala isanayambe n'komwe kusiya kudya. Odutsa mumsewu ankangoti ng'ombe za mdala wa chikwapu uja, ndipo ife sitinkatsutsa. Wodutsa umutsutsiranji, poti mawa kudutsanso wina? Pakhomo tonse tinkadziwa mwini wake, ndiye panalibe chifukwa chonenera.

Anthu ojambula kanema anafika nthawi ya fumbi, fodya atapita kale kumsika, zigafa zili zopanda kanthu. Ine ndinali pakhonde kuswa mtedza. Zinaima galimoto ziwiri, mukutuluka azungu awiri, amuna akuda angapo, ndi mayi wina wa ku Lilongwe wovala buluku. Mayiyo ulemu anali nawo, ananyonyomala ndithu pondipatsa moni. Kenako anandifunsa kuti eni ake a ng'ombe zili kudambozo ndi ndani.

Ndinaloza kudambo kumene kunali amuna anga. Palibe anandikakamiza, chala chinali changa. Ndinkayesa akufuna kugula imodzi ya ndiwo za ukwati, komanso alendo aamuna odzaza galimoto sangakhale pansi kukamba ndi mayi pamene bambo akuoneka apo. Nkhani yonseyi inayambira pa chala chimenecho.

Atabwerako kudambo, mayi uja anandifotokozera. Eti akufuna kupanga kanema wa makauboyi, amuna aja a zipewa zazikulu amene amathamangitsa ng'ombe ali pa akavalo. Adzukulu anga ankawadziwa, ine ayi. Anati malo athu ndi athyathyathya ngati kwawo kwa anthu amenewo. Ndinafunsa kuti bwanji osangopita kukajambula komweko. Anaseka, nati ndi kutali, komanso nkhaniyo ndi ya kuno kwathu. Ndinafunsanso kuti ngati ndi ya kuno, akavalo alowamo bwanji, poti kuno timadziwa abulu. Anayankha ndithu, mawu ambiri, koma ine sindinatolepo kanthu.

Anakhala nafe masabata atatu. Tsiku loyamba anatipempha kuti titsitse sola padenga, ndipo malata athu, amene tinavutikira zaka zambiri, anawaphimba ndi udzu. Njinga yamoto ya mwana wanga anakaibisa kuseri kwa nkhokwe. Pamene ife tinkakonza pakhomo kuti alendo aone bwino, iwo ankabweza zonse m'mbuyo. Pa njira yolowera kukhola anazika mitengo iwiri italiitali, napingasa wina pamwamba, n'kupachikapo chigaza cha ng'ombe ndi thabwa lolembedwa. Ine sukulu sindinapiteko, ndiye thabwalo ndinangoliona ngati chokongoletsa.

Akavalo anabwera awiri pa lole. Amuna anga anawaveka chipewa chachikulu, nsapato zofika m'mawondo, ndi kansalu kofiira m'khosi. Munthu amene sanakwerepo ngakhale bulu anamukweza pa chinyama chachitali ngati nkhokwe. Tsiku loyambalo anagwa katatu. Achimwene anga analipo, anaseka mpaka misozi, akunena kuti alamu awo akukwera ngati thumba la feteleza. Amuna anga anawauza kuti akwereko iwo tione, achimwene n'kuti iwo ali ndi mbumba yoti aisamale, sangafe imfa ya kavalo. Anthu awiriwa ankagwirizana kuyambira kale. Bawo ankasewera limodzi, fodya ankadindira pa jeke imodzi.

Chimene chinandizunguza kwambiri ndi kubwereza. Ng'ombe azitulutse m'khola, zithamange, fumbi likwere, kenako mzungu wamtali akweze dzanja, azibwezenso. Kasanu, kasanu ndi kawiri. Ine ndimadziwa kuti ntchito ukaibwereza ndiye kuti walakwitsa, koma iwo ankati zili bwino kwambiri, tichitenso. Inenso anandilowetsamo. Anandiveka diresi lalitali, nandipatsa ndowa yopanda madzi, kuti ndichokere pa mtengo wa muwanga kufika pakhomo ngati ndikuchokera kuchitsime. Pa muwangapo palibe chitsime, mudzi wonse ukudziwa. Ndinawauza kuti mjigo uli kumbuyo kwa sukulu, akhoza kukandijambula komweko ndi madzi enieni. Anati ayi, dzuwa likugwa bwino pa muwanga.

Atamaliza anachoka ndi akavalo awo, chifukwa kuno ntchentche za kashembe sizikanawasiya ndi moyo. Chipewa, nsapato ndi chipata chija anasiya. Ife tinachotsa udzu padenga, ndipo ndinkayesa zatha.

Patapita miyezi, galimoto zonyamula alendo opita kukaona njovu ku Lifupa zinayamba kuima pachipata. Woyamba anali dalaivala wina wa ku boma, wonenepa, wokonda kuseka. Anati alendo ake aona kanema uja ndipo akufuna kuona mdala wa chipewa. Amuna anga anakavala. Kavalo kunalibe, anabwereka bulu kwa aneba. Loweruka lotsatira galimoto inaimanso, kenako zinakhala ziwiri. Amayi a m'mudzi anayamba kuyala nthochi ndi mtedza wokazinga pamsewu, ena zitenje. Amuna anga ankaliza chikwapu, ng'ombe n'kuzungulira, alendo n'kumajambula, dalaivala akuwafotokozera m'chizungu, amuna anga akungogwedeza mutu.

Kunena zoona, munthuyo anasintha. Anali wa mawu ochepa zaka zonse, monga amakhalira akamwini ambiri, woyenda m'mbali mwa bwalo. Tsopano ankaimba muluzu pometa ndevu. Ine zinkandisangalatsa. Ndinkangodabwa kuti ng'ombe zomwezi waweta moyo wake wonse popanda womuyang'ana, lero zayamba kukoma chifukwa cha chipewa.

Za thabwa ndinazimva kuchipatala. Namwino wathu, mtsikana wa kumwera amene boma linamutumiza kuno, akundimanga chija choyezera magazi pamkono, anandifunsa ngati ine ndine akazi awo a eni famu ya ng'ombe ija. Ndinati famu iti. Anandiuza kuti pathabwapo palembedwa mfunda wa amuna anga, ndipo mawu enawo akunena kuti famu ndi yawo. Ndinali nditadutsa pansi pake miyezi yonseyo, nkhuni zili pamutu.

Nditafika kunyumba ndinawafunsa ngati ankadziwa. Iwo amawerenga pang'ono, Baibulo amatsegula okha. Anati ankadziwa.

"Ndi za m'kanema zija, amayi," anatero. "Thabwa silidya udzu."

Ndinaona ngati akunena zoona. Chitsime chija chinali chabodza, udzu wa padenga wabodza, ndiye thabwanso labodza. Ndinaisiya nkhaniyo.

Kenako kunabwera aphwa awo, ana aamuna awiri a alongo awo a ku Santhe, pa njinga yamoto. Anthu amenewa anali asanaponde pakhomo pathu chiyambire maliro a apongozi anga. Anati aona amalume awo pa foni. Ndinawaphera nkhuku. Atadya anapita kukhola, anazungulira kawiri, milomo ikuyenda chamumtima. Wamkuluyo anafunsa mwana wanga kuti dambo limathera pati. Pochoka anajambulitsa pansi pa thabwa, aliyense atagwira mtengo wake.

Achimwene anga anaona zonsezo ali pakhonde pawo. Kwathu kuno mwamuna akamwalira, abale ake akuchikazi, makamaka aphwa, amabwera kudzatenga zimene zinali zake. Kale ankatenga nkhwangwa ndi malaya. Koma ngati thabwa likunena kuti khola ndi dambo ndi zake, ndipo dziko lonse laona pa foni, ana anga adzayankha chiyani tsiku limenelo? Achimwene anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, opanda ukali, nakhala pa mpando wawo wa nthawi zonse. Anapempha kuti thabwa litsike, ndiponso kuti ankhoswe a mbali zonse akhale pansi amve kuti ng'ombe ndi za yani.

"Alamu, inu sindikukukayikirani," anatero achimwene. "Koma tsiku limenelo inu simudzakhalapo kuti muyankhe."

Amuna anga anafunsa ngati zaka zonsezi anagulitsapo ngakhale thole limodzi mwakabisira. Achimwene anati ayi. Anafunsa kuti ndani anazipulumutsa chaka chija cha matenda a m'kamwa ndi m'mapazi. Achimwene anati ndinu. Onse awiri ankanena zoona, ndipo ine ndinali pakati ndi lichero m'manja, osadziwa koyang'ana.

Ankhoswe anakumana m'chigafa mwathu chifukwa ndimo munali mthunzi. Ku Santhe kunachokera mkulu wina wosamva bwino, ndi aphwa awiri aja. Anakamba nthawi yaitali. A ku Santhe ankati iwo sanabwere kudzalanda kanthu, koma zolembedwa ndi zolembedwa, sanalembe ndi iwo. A kwathu ankati olembawo anali alendo osadziwa mudzi. Mkulu uja anafunsa kuti nanga alendowo anawalozera kwa mkamwini ndani. Apo anthu onse anatembenukira kwa ine.

Ndinavomera kuti ndinaloza ndine. Ndiye anandifunsa, pamaso pa amuna anga, kuti ndinene ng'ombe ndi za yani.

Ndikanati ndi za amuna anga, ndikanawalanda ana anga ndi ana a ang'ono anga. Ndikanati si zawo, ndikanamuvula munthu amene ndagona naye mphasa imodzi mpaka imvi. Ndinafunafuna mawu a pakati, sindinawapeze. Ndinati ndi za atsibweni anga, anasiyira mbumba.

Amuna anga anavula chipewa chija, chimene anabwera atavala kaya chifukwa chiyani, n'kuchikoleka pa mtengo wopachikapo fodya. M'mawa mwake anamanga malaya awiri m'jumbo, nati akukaona alongo awo ku Santhe. Sananene tsiku lobwera. Mkamwini akachoka chonchi pa msinkhu wawo, aliyense amadziwa tanthauzo lake.

Ng'ombe zinavuta sabata yomweyo. Ana anga aamuna amadziwa fodya ndi njinga zamoto, za khola anazisiyira bambo awo. Ziwiri zinalowa m'dimba la aneba, ina inakana kuyamwitsa. Loweruka galimoto inaima monga mwa masiku onse. Dalaivala uja anadandaula kuti alendo achokera kutali, amayi ogulitsa nthochi nawonso anabwera kudzachonderera. Mapeto ake achimwene anga, omwe aja ofuna thabwa litsike, anakatenga chipewa m'chigafa n'kuvala. Anakana kukwera bulu, anangoima pachipata ndi chikwapu chimene sankatha kuchiliza.

Alendo anaomba m'manja. Anajambula, anawagwira chanza, mayi wina wachizungu anawauza kudzera mwa dalaivala kuti m'kanema anakwera kavalo bwino kwambiri. Achimwene ndi aafupi, akuda bii, amuna anga ndi aatali, oyererako. Palibe mlendo ndi mmodzi yemwe anaona kusiyana.

Pamenepo mutu wanga unaima. Ngati anthu amene amakhulupirira thabwalo sakutha kusiyanitsa amuna anga ndi achimwene anga, ndiye thabwalo likunena za ndani? Ndipo ngati silikunena za munthu aliyense, banja langa likutheranji? Ndinafunsa achimwene atavula chipewa. Anati alendo sadzabwera pa maliro, adzabwera ndi a ku Santhe, ndipo a ku Santhe amasiyanitsa bwino lomwe. Atatero anakhala pansi, nanena motsitsa mawu kuti bawo sakusewera chichokereni alamu awo.

Ndinadikira masabata atatu. Kenako ndinakwera minibasi, n'kutsikira pa Santhe tsiku la msika, njinga zili pikitipikiti, n'kukwera kabaza mpaka kwa alamu anga. Ndili panjira ndinkaganiza za anthu amene amaweta ng'ombe za eni. Kale munthu wotere, ngakhale wongobwera, chaka chikatha ankamupatsa thole kuti likhale lake. Amuna anga anaweta mpaka tsitsi kuyera, osapatsidwa ngakhale mchira, chifukwa sanali wantchito, anali bambo wa pakhomo. Wantchito akanakhala ndi khola lakelake pofika pano. Ndinadabwa kuti m'mudzi monse palibe anaganizapo zimenezi, ngakhale ine.

Ndinawapeza atakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba ya alongo awo, akusema mpini. Anali ataonda. Munda kumeneko analibe, unagawidwa kalekale kwa ana a alongo awo. Ankagona m'kachipinda kosungiramo matumba a chimanga. Titapatsana moni anandifunsa za ng'ombe imene inali ndi bere, ngati yabereka. Za ine sanafunse.

Ndinawauza kuti khola lasokonekera, ng'ombe zikulira.

"Zikulira za atsibweni anu," anatero.

Ndinati ndi zoona. Anapitiriza kusema. Kenako ananena okha, osandiyang'ana, kuti kuno madzi akumawapatsa m'kapu ya alendo, ija imakhala m'kabati.

Ndiye ndinawauza zimene ndinaganiza panjira. Ndinati ndikapempha achimwene ndi ang'ono anga kuti ankhoswe akhalenso pansi, iwo alowe m'khola asankhe ng'ombe zawozawo, anthu onse akuona, za thukuta lawo. Zimenezo zidzakhala zawo, adzagulitse, adzaphe, adzasiyire aphwa awo, zili kwa iwo. Zotsalazo ndi dambo zikhale za mbumba, ndipo thabwa litsike. Anandifunsa ngati achimwene andituma. Ndinati ayi, sakudziwa n'komwe. Anati ndiye ndipite ndikawauze kaye, iwo sangayende ulendo wa mawu a munthu mmodzi.

Achimwene sanavute. Anangodzimenya pachipumi, nati nzeru imeneyi inali kuti zaka zonsezi. Mng'ono wanga wotsiriza ndiye anang'ung'udza masiku awiri, kenako anavomera ng'ombe zitatu, osapitirira.

Amuna anga anabwera Lachisanu, ndi mkulu wosamva uja ndi aphwa awo. Asanalowe n'komwe m'nyumba anapempha makwerero, nakazula thabwa okha, n'kulipereka kwa achimwene m'manja. Kenako tonse tinapita kukhola. Achimwene analankhula mokweza kuti mkulu uja amve: alamu asankhe zitatu zilizonse, kaya nkhunzi, kaya zamkaka, kaya zokoka ngolo, palibe adzatsutse.

Amuna anga analowa. Anayenda pakati pa ng'ombezo nthawi yaitali, akugwira iyi pamsana, iyo pakhosi, ngati akuzipatsa moni. Aphwa aja anatsamira mpanda, wamkuluyo akuloza ndi mlomo nkhunzi yathu yofiira. Amuna anga anaidutsa. Anadutsanso zamkaka zonse. Anakaima pakona pamene panagona yaikazi ina yokalamba, mano atatha, nthiti zikuwerengeka, imene inasiya kubereka kalekale ndipo tinkati tidzaipha pa Khirisimasi. Anaidzutsa, naimanga chingwe, n'kutuluka nayo.

Achimwene anawakumbutsa kuti zatsala ziwiri. Anati imodzi yakwana.

"Amalume, onaninso bwino," anatero mphwa wamkulu uja.

"Ndaona," anayankha.

Mkulu wa ku Santhe anafunsa kawiri ngati wamva bwino, kenako ananena kuti mwini wake wasankha, mboni zaona, nkhani yatha. Aphwa aja sanadikire chakudya. Achimwene anayesa kuseka, nati alamu asankha mnzawo wa msinkhu umodzi, koma kusekako sikunafike patali.

Anthu atabalalika ndinawapeza amuna anga akuipatsa ng'ombe ija madeya pa chidebe. Ndinawafunsa chifukwa chake. Kodi ankafuna kuwamana aphwa awo? Kapena kutichititsa ife manyazi, kuti tione mmene tawalipirira? Kapena ankangoimvera chisoni kuti isaphedwe? Anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi.

"Ndi yanga, si choncho?" anatero.

Ndinati ndi yanu, bambo.

Anati basi, ndiwatengere madzi, ikufuna kumwa.